Njira za njinga zopanda galimoto m'minda ya mpesa ku France: tiyambire pati?

Wa_ku_Katoto

Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Chaka chamawa ine ndi mayi a kunyumba tikufuna kukacheza kwa achibale ku Lyon, ndipo pa masabata atatu amene tikakhaleko tikufuna tipatule masiku 6 kapena 7 oyenda pa njinga yakapalasa m'madera olima mphesa. Kupalasa timatha, kupita ku Ekwendeni n'kubwerako si nkhani. Vuto ndi galimoto. Mayiwa anenetsa kuti zopanikizana ndi mathiraki ngati za pa M1 apa sakuzifuna, akufuna njira imene galimoto siziloledwa n'komwe. Pa intaneti ndikuona mayina ambirimbiri, Loire, Bourgogne, Bordeaux, Alsace, ndipo aliyense akutama kwawo kuti kulibe galimoto. Zoona ndi ziti? Njinga tinyamule zathu kapena tikabwereke konko? Mwezi wabwino ndi uti?

Mphunzitsi_Zolozolo

Achimwene, muyambe mwagwira mawu awiri a Chifalansa, chifukwa ambiri amapusitsidwira pomwepa. Pali voie verte, pali véloroute. Voie verte ndi njira imene malamulo a pamsewu anaipatulira oyenda pansi ndi a njinga. Galimoto ndi njinga zamoto siziloledwa, kupatula mwa apo ndi apo ya okonza njirayo kapena ya woyang'anira zitseko za ngalande. Véloroute ndi ulendo wa njinga wokhala ndi zikwangwani, koma umasakaniza: pena voie verte, pena kamsewu ka kumudzi komwe mukumana ndi galimoto, pena mudutsa m'kati mwa tauni. Mayina akuluakulu amene mukuwaonawo, ambiri ndi ma véloroute. Pa mapu a France Vélo Tourisme kapena a bungwe la AF3V zigawo ziwirizi amazilemba ndi mitundu yosiyana, ndiye musanasankhe, muyang'ane mtundu wa mzere kilomita ndi kilomita.

Chachiwiri, zinthu ziwiri zimene mukufunazi zimakokana. Ma voie verte ambiri anawamanga pamene panali njanji yakale kapena m'mbali mwa ngalande za maboti. Sitima siikwera phiri, madzi nawonso sakwera, choncho njirazi zimatsata chigwa, ndipo chikweza chake sichimapitirira mamita 2 kapena 3 pa mamita 100 alionse. Koma mpesa wabwino sakubzala m'chigwa. Amaubzala m'mbali mwa phiri, pamene madzi sakhazikika m'mizu ndipo dzuwa la m'mawa limafika. Ndiye mukakakamira njira yopanda galimoto yokhayokha, nthawi zambiri minda muziiona chapatali uko inu mukudutsa m'madambo a ng'ombe. Mukafuna kulowa pakati pa mizere ya mpesa penipeni, mugawana kamsewu ndi thirakitala.

Kumene ziwirizi zimayandikana kwambiri, komanso pafupi ndi Lyon, ndi kummwera kwa Bourgogne. Ndingakonze chonchi.

Kwerani sitima ya m'zigawo yotchedwa TER pa siteshoni ya Lyon Part-Dieu mpaka Beaune, ulendo wa pafupifupi maola awiri. Tsiku loyamba likhale la Voie des Vignes, kuchoka Beaune kufika Santenay, makilomita 22 okha. Mudutsa Pommard, Volnay, Meursault, Puligny-Montrachet ndi Chassagne-Montrachet, midzi imene mayina ake ali pa mabotolo odula kwambiri padziko. Ndinene poyera kuti gawo ili si voie verte. Ndi timisewu ta tala ta m'minda, topapatiza, tomwe alimi amadutsamo ndi mathirakitala aatali miyendo amene amayenda atatangadza mzere wa mpesa. Galimoto zachilendo sizilowamo kawirikawiri, koma m'midzimo mukhala pa msewu wamba kwa mphindi zingapo. Makilomita ndi ochepa dala, chifukwa apa ndi poyenera kuimaima. Muone timipanda ta miyala togawa minda. Kachigawo kalikonse kali ndi dzina lake, amati climat, ndipo UNESCO inazilemba m'kaundula wake mu 2015. Minda iwiri yolekanitsidwa ndi kanjira kokha imatha kutulutsa vinyo wosiyana mtengo kangapo, mphesa yake ili imodzimodzi, Pinot noir ya vinyo wofiira kapena Chardonnay ya woyera.

Pa Santenay mutsikira ku Canal du Centre. Kuyambira apa mayi apuma: njira ya m'mbali mwa ngalande, yosalala, kudutsa Chagny mpaka Chalon-sur-Saône, makilomita pafupifupi 25. Mu Chalon muli misewu ya tauni, palibe kuchitira mwina, ndipo pamenepo ngati mtima ukugunda ingotsikani muzikankha. Mukatuluka mugwira Voie Verte yeniyeni, yoyamba m'dziko lonse la France, imene gawo lake la Givry mpaka Cluny, makilomita 44, linatsegulidwa mu 1997 pa njanji yakale. Lero imayambira ku Chalon mpaka pakhomo pa Mâcon, makilomita opitirira 70, tala yekhayekha. Gonani ku Givry kapena ku Buxy. Apa minda ya Côte Chalonnaise imatsikira mpaka pafupi ndi njira, ndipo ku Buxy kuli kopaletivu ya alimi kumene mungalawe vinyo woyera wa Montagny osapangana nawo tsiku.

Tsiku lachitatu, Buxy mpaka Cluny, makilomita pafupifupi 35, kudzera Saint-Gengoux-le-National ndi Cormatin. Minda ya mpesa imachepa, ng'ombe zoyera za mtundu wa Charolais zimachuluka. Masiteshoni akale a sitima ena anawasandutsa popumira, pali mpopi ndi chimbudzi. Taizé, kumene kumasonkhana achinyamata a mipingo yosiyanasiyana, kuli pa kaphiri pambali pa njira. Ku Cluny mupumeko tsiku lathunthu. Nyumba ya amonke ya kumeneko inakhazikitsidwa mu 910, tchalitchi chake chinali chachikulu kuposa zonse za Akhristu mpaka pamene anamanga cha St Peter ku Rome, koma itatha French Revolution anachigulitsa ngati mgodi wa miyala. Chatsala ndi kachigawo chabe, ndipo kachigawoko kokha khosi limawawa poyang'ana denga.

Cluny mpaka Mâcon ndi makilomita 25 kapena kucheperako, koma ndi pamene pali chovuta. Pali phanga la sitima lakale, Tunnel du Bois Clair, lotalika kilomita 1.6. M'kati muli magetsi, koma mumazizira, madigiri 11 ngakhale kunja kukuotcha, ndipo madzi amadontha kuchokera kudenga. Juzi ikhale pamwamba pa chikwama, osati pansi. Amalitseka kuyambira chapakati pa Okutobala mpaka mu Epulo chifukwa mileme imagonamo nyengo yachisanu, komanso amatha kulitseka akamakonza. Likatsekedwa mulambalala pa msewu wokwera phiri, wogawana ndi galimoto. Choncho mufunse ku ofesi ya alendo ku Cluny dzulo lake. Ndipo ngakhale litatseguka, chapafupi ndi phangalo njira imasiya mzere wa njanji, pali timitunda tatifupi koma toimirira.

Masiku otsalawo, kapena mukwere ku thanthwe la Solutré kumene kuli minda ya Pouilly-Fuissé, koma uko ndi msewu wamba ndi chikweza chenicheni, kapena mutsate Voie Bleue m'mbali mwa mtsinje wa Saône mpaka Tournus, makilomita 30 ndi pang'ono, posalala. Mâcon ndi Tournus zonse zili pa njanji yobwerera ku Lyon.

Makanika_wa_ku_Chibavi

Aphunzitsi afotokoza bwino za njira, ine ndilowe pa njinga. Madala, kabwerekeni konko. Ulendo wa sabata imodzi sukwana chifukwa chovutikira ndi bokosi kuchokera ku Mzuzu kuno pa basi mpaka Lilongwe, kenako ndege ziwiri kudzera Addis Ababa kapena Nairobi, kenako sitima. Pa kusinthasintha kumeneko chimene chimapindika ndi kachitsulo kogwira giya ya kumbuyo, ndipo kakapindika magiya amadumpha, mwinanso tcheni n'kulowa m'masipoko. Kachitsuloko njinga iliyonse kali ndi kake, simungangokapeza pa shopu ya m'mudzi.

Pofunsa nenani kuti mukufuna VTC. Ndi njinga ya pakati, si ya mpikisano, si ya m'mapiri: matayala a 700 mulifupi mwake mamilimita 35 mpaka 40, handulo yowongoka, kaliyala kumbuyo. Muitanitse zikwama ziwiri zokoleka pa kaliyala, loko, pampu, chubu chapadera ndi zotsegulira tayala. Musanachoke pa shopu, imikani njinga chadodolido muyese magiya onse. Giya yopepuka kwambiri ikhale yoti mano a kumbuyo akufanana kapena kuposa a kutsogolo, monga 34 ndi 34, kapena 28 kutsogolo 32 kumbuyo. Ndi katundu, pa timitunda ta Bois Clair, yolemera kuposa pamenepo mudzatsika.

Chinthu chimene chimagwetsa anthu ochokera kuno ndi mabuleki. Njinga zathu zambiri, kaya za ku India kaya zakale za ku Japan ndi Britain, dzanja lamanja limagwira buleki ya kutsogolo. Ku France n'zosemphana: lamanzere ndiye la kutsogolo, lamanja la kumbuyo. Munthu wazolowera kufinya lamanzere potsetsereka poganiza kuti ndi la kumbuyo, tayala la kutsogolo limaima nji, iye n'kuuluka pamwamba pa handulo. Pa miyala yoyalidwa, ngakhale osauluka, tayala la kutsogolo limatsetsereka cham'mbali. Ngati ndi mabuleki a waya, pemphani akusinthireni, ndi ntchito ya mphindi 10. Ngati ndi a mafuta mwina akana, ndiye yesererani pa bwalo kasanu, kakhumi, mpaka zala zigwire.

Kuchokera kuno nyamulani chishalo chanu chimene matako anachizolowera, ndi kabudula wa siponji. Chishalo chachilendo tsiku loyamba sichivuta, chimayamba kuluma lachitatu. Kutalika kwake: chidendene chikakhala pa pedulo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke. Chikatsika kwambiri bondo limawawa kutsogolo, chikakwera kwambiri chiuno chimagwedera.

Mukakakamira kunyamula zanu, onani manambala ang'onoang'ono a pa tayala. Njinga zakuda zija za a Sacramento, onyamula anthu aja, tayala lake ndi 28 x 1 1/2, limu yake ndi mamilimita 635. Za ku France zolembedwa 700 kapena 28, limu yake ndi 622. Dzina likufanana koma tayala sililowa, ndipo la 635 mukalisaka mpaka kutopa. La 26 ya m'mapiri, 559, likupezekabe. Valuvu nayonso: yathu ija ya kamphira kumeneko ndi yosowa, zofala ndi Presta yowonda ndi Schrader ya ngati ya galimoto. Ya Presta muyambe mwamasula kamutu kake n'kukadina kamodzi, apo ayi mupopa mpaka thukuta mpweya osalowa. Popakira m'bokosi chotsani giya ya kumbuyo muikulunge nsanza, ikani kathabwa pakati pa foloko, ndipo kumbukirani kuti pedulo ya kumanzere imamasukira kosemphana ndi ya kumanja. Batire ya njinga yamagetsi siiloledwa m'ndege, ndiye za izo musaganize n'komwe.

Yamagetsi yobwereka ilipo, amati VAE, injini yake imathandiza mpaka liwiro la makilomita 25 pa ola. Pa njira ya aphunzitsiyi sikufunika. Imalemera makilogalamu 25 kapena kuposa, ndipo mu sitima zambiri za TER njinga amaipachika pa ngowe ndi tayala la kutsogolo. Kuikweza pamenepo, kapena pa masitepe a siteshoni yopanda chikepe, ndi ntchito ya anthu awiri.

Katundu asapitirire makilogalamu 10 kapena 12 pa munthu, zolemera pansi pa chikwama, mbali zonse zilingane. Chikwama cha kumsana ayi. Mpweya wa m'matayala a 37 ukhale pa bar 3.5 mpaka 4: ukachepa chubu chimapanidwa ndi limu pa bampu n'kubooka mabowo awiri oyandikana, ukachuluka manja amachita dzanzi. Mabawuti a kaliyala amamasuka okha ndi kugwedezeka, m'mawa uliwonse muziwayesa ndi aleni kii, ndipo mutenge awiri apadera a M5. Tayala likaponcha, musanaike chubu china yendetsani chala m'kati mwa tayala. M'mbali mwa ngalande amadula mipanda ya minga, ndipo munga ukatsalira, chubu chatsopano chiphwa musanafike pa mlatho wotsatira.

Chomaliza, pamene voie verte ikudutsana ndi msewu amaikapo zitsulo zopingasa kapena kamtengo pakati kuti galimoto zisalowe. Wa kutsogolo amakaona, wa kumbuyo amene watsatira pafupi sakaona. Siyanani mamita 10, ndipo wa kutsogolo azikuwa. Chikwama chimakola pa zitsulozo munthu akaiwala kuti njinga yanenepa kumbuyo.

Nya_Luwinga

Ine nditsutseko pang'ono. Funso linali la mayi amene sakufuna galimoto n'komwe, ndipo aphunzitsi awayambitsa ndi tsiku limene ndi logawana msewu. Ngati mantha ndi aakulu, tembenuzani ulendowo: yambirani ku Mâcon kapena ku Cluny, mayi azolowere kuyenda mbali ya kumanja monga amachitira ku France, pa njira yopanda kanthu masiku atatu, ndipo Santenay mpaka Beaune likhale tsiku lomaliza. Zimathandizanso ngati njinga mwabwereka ku Beaune, chifukwa shopu zambiri zimafuna muibweze pamene munaitenga. Mukwera nazo TER kupita ku Mâcon tsiku loyamba, n'kupalasa chobwerera.

Koma ngati chofunika ndi mtunda wautali wosakumana ndi galimoto, Bordeaux ikuposa. Pali njira yotchedwa Roger Lapébie, dzina la munthu amene anapambana mpikisano wa njinga wa Tour de France mu 1937. Nayonso ndi njanji yakale, ya tala, imachoka m'mbali mwa mtsinje wa Garonne pa Latresne, kudutsa Créon ndi La Sauve pamene pali mabwinja a nyumba ya amonke, mpaka Sauveterre-de-Guyenne, makilomita pafupifupi 55 kuchokera pakati pa Bordeaux. Dera limeneli ndi Entre-deux-Mers, pakati pa mitsinje ya Garonne ndi Dordogne, ndipo theka lachiwiri la njirayi minda ya mpesa ili mbali zonse. Kuchokera ku Latresne mpaka Créon imakwera pang'onopang'ono osalekeza, moti munthu amaganiza kuti buleki yagwira tayala. Saint-Émilion, mudzi wotchuka ndi vinyo, siili pa njirayi, kukafikako ndi misewu wamba.

Pa Sauveterre pali mpata wa makilomita ngati 20 wa misewu ya kumudzi, yokwera ndi kutsika, mpaka La Réole. Mukadutsa pamenepo mugwira Canal de Garonne, ngalande ya makilomita 193 kuchokera Castets-en-Dorthe mpaka Toulouse, njira yake yosalala, pansi pa mthunzi wa mitengo. Pa Agen ngalandeyo imawoloka mtsinje pa mlatho wa mamita 539, madzi pamwamba pa madzi. Kuipa kwake, kupatula cha ku Buzet, mphesa za vinyo simuziona kwenikweni. Ndi chimanga ndi minda ya zipatso, ndipo pofika tsiku lachitatu ngalande imatopetsa maso. Komanso kuchokera ku Lyon, Bordeaux ndi kutali, tsiku limodzi lipita ndi sitima.

Canal du Midi dzina ndi lalikulu, inatsegulidwa mu 1681, koma musatengeke. Tala amathera makilomita ngati 50 kuchokera ku Toulouse. Kupitirira apo zigawo zambiri ndi kanjira ka dothi ndi mizu ya mitengo, mvula ikagwa ndi matope ngati a ku Mchengautuwa mu Epulo, ndipo mitengo yambiri ya mthunzi anaidula chifukwa cha matenda. Loire à Vélo, makilomita pafupifupi 900, ndi yokonzedwa bwino, koma ndi yosakaniza, ndipo mphepo kawirikawiri imachokera kumadzulo, ndiye wopita kunyanja amalimbana nayo. Sancerre, mudzi wa vinyo wa m'mbali mwa Loire, ili pamwamba pa phiri. Ya ku Alsace, Marlenheim mpaka Thann, makilomita ngati 130, ndi imene imalowa m'minda kwambiri, midzi yake yokongola ngati ya pa kalendala, koma mbali yaikulu ndi timisewu togawana ndipo n'kokwera ndi kutsika tsiku lonse. Kwa mayi athuwa ayi.

Wa_ku_Katoto

Zikomo kwambiri nonse, yewo. Taona kuti titenga ya Bourgogne motembenuza monga anenera achemwali. Za mabuleki sindikanaziganiza. Nanga mwezi, ndi malamulo? Komanso tinene zoona, kumeneko n'kolawa vinyo, apolisi amatani ndi munthu wa pa njinga?

Bambo_wa_ku_Chiputula

Mwezi: kumapeto kwa Meyi mpaka Juni. Masamba a mpesa aphuka, phanga latseguka, ndipo dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko usiku, osati 6 ngati kuno, choncho palibe chothamangira. Julayi ndi Ogasiti kumatentha mpaka madigiri 35 kapena kuposa, m'minda ya mpesa mulibe mthunzi ngakhale wa mtengo umodzi, ndipo anthu onse ali pa tchuthi, malo ogona amakwera mtengo. Munthu wozolowera kuzizira kwa Mzuzu aziganiza za Karonga mu Okutobala. Seputembala nyengo ndi yabwino koma ndi nthawi yokolola, imene zaka zotentha imayamba kumapeto kwa Ogasiti. Timisewu ta Voie des Vignes timadzaza mathirakitala ndi maveni a aganyu, pa tala pamakhala dothi ndi madzi a mphesa poterera, zipinda zotchipa zimatha, ndipo alimi alibe nthawi ya alendo. Mu Meyi ndi Juni chokhacho n'chakuti amapopera mankhwala, ambiri a salufa ndi kopa. Mukaona thirakitala ikufuka utsi woyera m'mzere, imani kumbali kumene mphepo ikuchokera mpaka itembenuke.

Za vinyo, lamulo ndi lomwelo la woyendetsa galimoto: magalamu 0.5 pa lita ya magazi. Kuyambira 0.5 mpaka 0.8 chindapusa ndi mayuro 135, kupitirira 0.8 ndi mlandu wa kukhoti. Matambula awiri a pa tebulo amafikitsa anthu ambiri pa malire, wochepa thupi ngakhale asanamalize yachiwiri. Polawa amakuthirirani pang'onopang'ono, koma mitundu 6 ya masentilita atatu ndi masentilita 18, tambula ndi theka, m'mimba mulibe kanthu, dzuwa lili pamutu. Njira yake ndi kulavula. Pa tebulo pamakhala kachidebe kotchedwa crachoir. Kwathu kuno kulavula chimene mwini nyumba wakupatsa ndi chipongwe, koma kumeneko mwini mundayo nayenso amalavula, ndipo amakuonani kuti ndinu odziwa. Mumazunguza vinyo mu tambula, kununkhiza, kuika m'kamwa, kumutembenuza ngati mukutsuka mano, n'kulavula. Chomeza chisungireni madzulo njinga ili m'shedi. Minda ing'onoing'ono ya mabanja imafuna kupangana tsiku, ndipo ndi ulemu kugulako botolo limodzi. Mphesa za m'mbali mwa njira si za aliyense, musathyole.

Mbali ya kumanja. Pa msewu waukulu simuiwala, galimoto zimakukumbutsani. Poopsa ndi pa voie verte pomwepo, ndi podzuka pambuyo popuma. Wa njinga akabwera kutsogolo mwadzidzidzi, dzanja limathawira kumanzere lokha, iyenso akuthawira komweko, mukumana mphumi. Mangani kansalu kofiira ku handulo ya kumanja, kansaluko kazikhala kumbali ya udzu nthawi zonse. Podutsa msewu muyambe kuyang'ana kumanzere. Raundabauti amazungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi. M'midzi muli lamulo la priorité à droite: pa mphambano yopanda chikwangwani kapena mzere, wochokera kumanja kwanu ndiye woyamba, ngakhale akutuluka m'kakhwalala inu muli pa msewu wooneka waukulu. Chikwangwani cha daimondi yachikasu chimatanthauza kuti msewu wanu ndiwo woyamba.

Belu, mabuleki awiri ndi zonyezimira ndi zokakamiza, nyali usiku, ndipo kunja kwa tauni usiku kapena kukachita chifunga muvale chovala chowala. Zomvera m'makutu n'zoletsedwa kuyambira 2015, chindapusa mayuro 135. Helemeti lamulo limakakamiza ana osakwana zaka 12, koma valani basi. Nambala ya ngozi ndi 112.

Sitima: mu TER njinga imalowa yosamasula, malo akakhalapo, ndipo madera ena nyengo yotentha amafuna kusungitsa malo, ndiye muone pa SNCF Connect, tsamba la kampani ya sitima. Pewani za m'mawa ndi madzulo za opita kuntchito. Mu TGV, sitima yothamanga kwambiri, malo a njinga yosamasula ndi ochepa, amalipiritsa mayuro 10, ndipo si sitima zonse zili nawo.

Pogona sakani chizindikiro cha Accueil Vélo. Chimatanthauza kuti malowo ali m'kati mwa makilomita 5 kuchokera pa njira, ali ndi posungira njinga potsekedwa ndi zida zokonzera. Chimene chimagoneka alendo ndi njala ndi nthawi za mashopu. M'midzi amatseka cha m'ma 12:30 mpaka 3 koloko, Lamlungu masana, ndipo ambiri Lolemba lonse. Malesitilanti amaphika kuyambira 12 mpaka 2, kenako 7 madzulo. Palibe chiwaya cha tchipisi pa mphambano. Gulani buledi, tchizi ndi zipatso m'mawa. Madzi a pa mpopi amamweka, pokhapokha palembedwa eau non potable, ndipo mudzi ukakhala wopanda shopu, kumanda kawirikawiri kumakhala mpopi pafupi ndi geti. Polowa paliponse muyambe ndi bonjour, apo ayi akuonani ngati munthu wolowa m'nyumba osaodira. Mukakhala pa udzu, madzulo mudziyang'ane nkhupakupa kuseri kwa mawondo ndi m'chiuno, za kumeneko zimapatsa matenda a Lyme.

Viza ndi ya Schengen, mayuro 90 kuyambira Juni 2024, ndi inshulansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000. Mutha kupempha miyezi 6 usanafike ulendo. Amafuna umboni wa pogona usiku uliwonse, ndiye kalata ya achibale a ku Lyon siikwanira masiku a pa njinga. Onjezani mapepala a malo amene mwasungitsa ku Cluny, Buxy, Santenay ndi Beaune, masiku ake atsatane bwino.

Makanika_wa_ku_Chibavi

Ndiwonjeze pa za botolo, poti ulendo autembenuza. Botolo lodzaza limalemera kilogalamu 1.2 kapena kuposa, a ku Bourgogne magalasi ake ndi ochindikala. Atatu okha mbali imodzi, njinga imayamba kukokera. Ndipo chikwama chakuda padzuwa chimatentha ngati uvuni, vinyo amafufuma n'kukankha chotsekera, mupeza malaya anyowa. Gulani ku Beaune tsiku lomaliza. Ngati mwagula panjira, botolo liime chilili pakati pa zovala, m'sokosi ziwiri, chikwama chake chikhale mbali ya mthunzi mukaimika njinga. M'ndege likhale mu sutikesi ya pansi, m'pulasitiki womanga, chifukwa m'chikwama cha m'manja akulandani pa geti.